BWALO LA OPHUNZIRA: M'MENE ZOLEMBA ZA AGRIKI AKALE ZINAWERENGEDWERA

(Nkhani yonenedwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'midzi)

 Lero sitikamba za mizere ya m'munda kapena za mitengo ya pa msika. Tikamba za anthu amene nchito yao ndiyo kufufuza mbiri ya Agriki ndi Aroma akale, ndiponso za magazini m'mene iwo amasindikizamo zimene apeza.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga zimenezo zitikhudza bwanji ife?" Yankho lace ndi ili. Kawirikawiri inu mumamva mau akuti "akatswiri apeza cakuti", pa za mbeu, pa za matenda a ng'ombe ndi pa zina zambiri. Tsono nkoyenera kuti mudziwe njira imene mau a munthu mmodzi amayesedwera asanasanduke mau okhulupirika. Ndipo m'nkhani yomweyi mumva za nkhosa, za ubweya ndi za mlandu wa munda umene unabuka zaka zoposa 3,000 zapitazo.

MAGAZINI AMENEWA NGOTANI?

Magazini a ophunzira asiyana ndi nyuzipepala. Ena amaturuka kamodzi pa caka, ena kanai. Munthu akapeza kanthu katsopano amalemba nkhani yace pamodzi ndi umboni wace wonse, naitumiza kwa mkonzi. Mkonziyo amaipereka kwa akatswiri ena kuti aipime, ndipo akaona kuti iri ndi maziko amaisindikiza. Pambuyo pace magaziniyo amatumizidwa ku nyumba zosungiramo mabuku za m'masukulu akuru a m'maiko ambiri. Nkhani iri yonse iri ndi caka cace ndi tsamba lace, kotero kuti ali yense wofuna kuibvomereza kapena kuitsutsa angathe kuloza pamene pali mauwo.

Inu mafumu mudziwa kuti mlandu sautha mseri. Wodandaula amanena pa bwalo anthu onse alikumva, mboni zimaitanidwa, nduna zimafunsa mafunso. Magazini ndilo bwalo la ophunzira. Kusiyana kwace nkwakuti bwalo limeneli silibalalika dzuwa likalowa. Mau amene munthu ananenapo amakhala pomwepo, ndipo wina wobadwa iye atafa angathe kumuyankha.

Magazini awiri amene tiwachule kawirikawiri ndi awa: Journal of Hellenic Studies, wa ku London, amene anayamba m'caka ca 1880, ndi American Journal of Archaeology, wa ku America, amene anayamba mu 1885. Onse awiri akali kuturuka mpaka lero. Kwathu kunonso tiri naye wa mtundu womwewo wonena za mbiri ya dziko lino. Anayamba mu 1948 ndi dzina lakuti Nyasaland Journal, ndipo tsopano amachedwa Society of Malawi Journal.

TIMAPALE TA KU KNOSSOS

Greece ndi dziko la kumwera kwa Europe, ndipo cinenero cace, Cigriki, ndico cimene Cipangano Catsopano cinalembedwamo poyamba. Kumwera kwace kuli cisumbu cacikuru ca Crete. M'caka ca 1900 Mngelezi wina dzina lace Arthur Evans anayamba kukumba pa cisumbupo, pa malo ochedwa Knossos, napeza mabwinja a nyumba yaikuru ya mafumu. M'mabwinjamo munali timapale tadongo zikwi zingapo, tina tophwathalala ngati cikhato, tina tatitali ngati tsamba. Alembi akale ankalembapo ndi kanthu kosongoka dongo likali lofewa, naliumika. Pamene nyumbayo inapsya, moto unaumitsa dongolo monga momwe umacitira ndi mbiya za amai pozioca, ndipo ndi cifukwa cace zolembazo zinasungika.

Evans anacha kalembedwe kameneka Linear B. Panalibe munthu wodziwa kukawerenga, ngakhale wodziwa cinenero cace. Iye anafuna kumasulira yekha cinsinsico, conco anasunga timapaleto, nasindikiza towerengeka cabe. Anamwalira mu 1941 asanawerenge, ndipo tambiri totsala tinasindikizidwa mu 1952. Ananenetsanso kuti cinenero cace sicingakhale Cigriki, ndipo pokhala munthu wamkuru anali ocepa amene analimba mtima kumtsutsa. Akuru anati nzeru-zayekha anabviika nsima m'madzi. Cifukwa ca kusunga umboni m'bokosi, zaka zoposa 40 zinapita ophunzira ena alikusowa pogwira.

Mu 1939 Carl Blegen wa ku America anapeza timapale tina pafupifupi 600 ta kalembedwe komweko pa malo ochedwa Pylos, ku mtunda kwa Greece weniweni. Nkhondo yaikuru inaimitsa nchito, koma mu 1951 Emmett Bennett anatisindikiza bwino lomwe, atasanja zizindikiro zonse kuti cina cisasokonezeke ndi cinzace.

NKHANI YOPHONYA NDI NKHANI ZOLONDOLA

M'caka ca 1940 magazini a American Journal of Archaeology anasindikiza nkhani ya mnyamata wa ku England wa zaka 18, Michael Ventris. Iye anati cinenero ca timapaleto ncacibale ndi ca anthu akale a ku Italy ochedwa Etruscan. Kumeneko kunali kuphonya, ndipo nkhaniyo sinabale kanthu. Pamenepa tiphunzirapo kuti si zonse zosindikizidwa ziri zoona. Kusindikiza ndiko kuimika nkhani pa bwalo kuti iyesedwe.

M'magazini omwewo munaturukanso nkhani za mai wina, Alice Kober, mphunzitsi wa pa Brooklyn College ku New York. Maiyu ankagwira nchitoyi usiku ataweruka ku sukulu. Mapepala ankasowa cifukwa ca nkhondo, conco ankadula zikuto za mabuku a mayeso ndi makadi akale, napanga timapepala pafupifupi 180,000, pamene analembapo liu liri lonse ndi cizindikiro ciri conse, natisunga m'makatoni a ndudu.

Kuti mumvetse cimene iye anapeza, kumbukirani m'mene ana amayambira kuwerenga: ba, be, bi, bo, bu. Zizindikiro za Linear B zoimira mau ziri pafupifupi 90. Nzoculuka kuposa malembo a alifabeti, koma nzocepa kwambiri kuti ciri conse ciimire liu lathunthu. Conco ciri conse ciimira phatikizo limodzi, monga ka, kapena mi, kapena to. Tsono Kober anaona kuti mau ena amayamba cimodzimodzi koma amasintha kumapeto. Tiyeni tiyese ndi cinenero cathu. Tengani mau awa: li-ma ndi li-mi-tsa. Munthu wosadziwa kuwerenga, akazindikira kuti mau awiriwa ngamodzi pa tsinde, angathe kunena kuti cizindikiro caciwiri ca liu loyamba ndi caciwiri ca liu linalo nzapacibale, pakuti ma ndi mi ziyamba mofanana. Sanadziwe kachulidwe kace, koma wadziwa ubale wace.

Umu ndimo Kober anacitira. Anasindikiza zimene anapeza mu 1945, mu 1946 ndi mu 1948, ndipo anakana kulota za kachulidwe ka cizindikiro ngakhale cimodzi popanda umboni. Anamwalira mu 1950 ali ndi zaka 43, asanawerenge liu liri lonse. Koma popeza anali ataika zonse m'magazini, nzeru zace sizinapite naye ku manda.

MAU A PA WAILESI NDI MAU A PA PEPALA

Ventris anakula nakhala katswiri wojambula mapulani a nyumba, koma timapale tija sanatiiwale. Anatenga njira ya Kober ndi mndandanda wa Bennett, nandandalika zizindikiro m'mizere: zoyamba mofanana mzere umodzi, zotha mofanana mzere wina. Maganizo ace ankawalemba m'makalata okwana 20, natumiza kwa ophunzira a m'maiko osiyanasiyana kuti amuongole.

Mu 1952 anaona kuti mau ena amapezeka pa timapale ta ku Knossos tokha, osati ta ku Pylos. Anaganiza kuti kapena ndi maina a midzi ya pa Crete. Atayesa, panaturuka ko-no-so, ndiye Knossos, ndi a-mi-ni-so, ndiye Amnisos, dooko la pafupi pomwepo. Cifukwa ca ubale wa m'mizere ija, kudziwika kwa zizindikiro zocepa kunaulula zinzace. Posacedwa anayamba kuwerenga mau onga ko-wo, mnyamata; ko-wa, mtsikana; po-me, mbusa; ka-ke-u, wosula. Onsewa ndi mau a Cigriki cakale kwambiri, cinthu cimene iye mwini anali atakana kwa zaka 12.

Pa 1 July, 1952, Ventris analengeza zimenezi pa wailesi ya BBC. Koma mau a pa wailesi, ngakhale awa amene mulikumva tsopano, amapita ndi mphepo, ndipo munthu sangathe kuwagwira kuti awapime. Mwamwai John Chadwick, katswiri wa Cigriki cakale wa ku Cambridge, anamva nawo, ndipo anamlembera kalata. Awiriwo anagwirizana, nalemba nkhani yaitali yokhala ndi kachulidwe ka zizindikiro, malamulo a kalembedwe ndi zitsanzo zambiri. Nkhaniyo inaturuka mu Journal of Hellenic Studies mu 1953. Kuyambira pamenepo wophunzira ali yense, kulikonse kumene ali, anali ndi mfungulo m'manja mwace kuti ayese yekha ngati itsegula.

UMBONI WA MIPHIKA

Mu May 1953 Blegen analembera Ventris kalata. Anali atatsuka kaphale kena kamene anakumba ku Pylos caka capitaco, kamene Ventris ndi Chadwick anali asanakaonepo, nayesa kukawerenga ndi mfungulo ija imene Ventris anali atamtumizira kale. Pa kaphalepo mlembi wakale analemba mau, najambulanso cithunzi ca cinthu ciri conse cimene ankawerenga. Pambali pa cithunzi ca mphika wa miyendo itatu panaturuka mau akuti ti-ri-po, amene m'Cigriki atanthauza ca miyendo itatu. Pambali pa cotengera ca zogwirira zinai panaturuka qe-to-ro-we, ndiko kuti ca makutu anai, pakuti Agriki ankacha zogwirira za mbiya makutu. Pa ca zogwirira zitatu panali ti-ri-jo-we, ca makutu atatu. Ndipo pa cotengera copanda cogwirira panali a-no-we, copanda makutu. Inu amene mumaweruza milandu mudziwa kulemera kwa mboni imene sinapangane ndi ali yense.

Komabe si onse anakhutira. Mu 1956 Arthur Beattie, mphunzitsi wamkuru wa Cigriki ku Edinburgh, analemba m'magazini omwe aja a Journal of Hellenic Studies kutsutsa nchito yonseyo. Iye anati malamulo a Ventris ngotayirira, kotero kuti munthu angathe kupezamo liu liri lonse limene afuna. Mkonzi sanambise wotsutsayo, anamsindikiza. Ventris sanathe kuyankha, pakuti anafa pa ngozi ya galimoto mu September caka comweco ali ndi zaka 34. Chadwick ndiye anayankha m'magazini omwewo mu 1957. Koma cimene cinatsiriza mlandu ndico umboni watsopano. Timapale tina takhala tikufukulidwa m'malo ena, monga toposa 200 ta ku Thebes pakati pa 1993 ndi 1995, ndipo tonse timawerengeka m'Cigriki ndi mfungulo yomwe ija.

ZA NKHOSA NDI ZA MINDA

Nanga pa timapalepo panalembedwa ciani? Amene ankayembekeza nthano za mafumu kapena nyimbo za nkhondo anakhumudwa. Zonse ndi kaundula wa makalaliki a ku likulu: tirigu, nkhuyu, mafuta a azitona, uci, magareta, ziweto ndi anchito. Koma m'kaundula yemweyo ndimo tionamo moyo wa anthu wamba.

Ku Knossos kunalembedwa nkhosa pafupifupi 100,000, gulu liri lonse ndi dzina la mbusa wace, mudzi wace, ndi ciwerengero ca zimene zaperewera. Koma panali cozizwitsa: m'magulu ambiri nkhosa zamphongo zinali zoculuka koposa zazikazi. Mbusa ali yense adziwa kuti khola lotere silingaswane, ndipo ena ankayesa kuti kapena zinali za msonkho kapena za nsembe. Mu 1964 John Killen analemba nkhani m'magazini ena, Annual of the British School at Athens. Iye anawerenga mabuku akale a oweta nkhosa a ku England, naona kuti iwo ankasunga magulu akuru a nkhosa zamphongo zofula cifukwa ca ubweya wace. Anasonyeza kuti ku Knossos kunalinso cimodzimodzi, pakuti timapale tina tinena kuti nkhosa zinai ziri zonse zipereke muyeso umodzi wa ubweya, umene uli pafupifupi makilogalamu 3. Ubweyawo unkapita kwa magulu a akazi oomba nsaru, amene ankalandira phoso kucokera ku likulu, iwo pamodzi ndi ana ao. Taonani, funso limene linabvuta odziwa Cigriki linayankhidwa ndi nzeru za abusa.

Za minda nazo zirimo. Ku Pylos kukula kwa munda ankakuwerenga ndi muyeso wa mbeu, monga munthu anganene kuti munda wanga umalowa ndowa imodzi. Ndipo pa kaphale kena pali mkangano umene inu anyakwawa muuzindikira msanga. Wansembe wamkazi dzina lace Eritha ananena kuti malo amene ali nao ngapadera, ndipo akuwasungira mulungu wace. Koma a mudzi, amene m'Cigriki amachedwa damos, anakana. Iwo anati maiyo anangopatsidwa gawo lolimapo pa malo a mudzi. Mlembi analemba mau a mbali zonse ziwiri, koma cigamulo palibe, ndipo nyumba ya mfumu ya ku Pylos inapsya ca m'ma 1200 Yesu asanabadwe.

Phindu lina lalikuru ndi ili. Kale zolemba za Cigriki zakale koposa zimene anthu ankadziwa zinali za m'zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe. Nkhani ya mu 1953 ija inabweza mbiri ya cinenero cimeneci m'mbuyo ndi zaka pafupifupi 600, ndipo mabuku a mbiri ya Greece analembedwanso.

KODI KULEMERA KWA NKHANI KUMAYESEDWA BWANJI?

Ophunzira ali ndi njira zingapo zoonera ngati nkhani yabala zipatso. Njira yoyamba ndiyo kuona nchito zimene zamera pa iyo. Pa za zolemba zimenezi panabadwa magazini apadera: Minos ku Salamanca m'dziko la Spain mu 1951, Nestor amene Bennett anayambitsa mu 1957 kuti azindandalika zonse zatsopano, ndi Kadmos ku Germany mu 1962. Palinso kaundula wamkuru wochedwa L'Année philologique, amene anayambira ku Paris m'zaka za m'ma 1920, ndipo caka ndi caka amalemba maina a nkhani ndi mabuku onena za Agriki ndi Aroma.

Njira yaciwiri ndiyo kuwerenga kuti nkhani yachulidwa kangati ndi olemba ena. Eugene Garfield wa ku America ndiye analimbikitsa maganizo amenewa mu 1955, ndipo muyeso wina wochuka lero umayang'ana zaka ziwiri zokha nkhani itaturuka. Muyeso umenewu uthandizako pa za mankhwala, kumene zinthu zimasintha msanga, koma pa za mbiri yakale umanyenga. Cimanga mumakolola caka comweco, koma wobzala mtengo wa mango amadikira. Mukayesa mango ndi muyeso wa cimanga mudzaudula mtengowo usanabale. Nkhani ya Kober ya mu 1946 inabala mu 1952 mwini wace atafa, ndipo dzina lace linamveka kwa anthu ambiri mu 2013, pamene Margalit Fox analemba buku lonena za iye. Nkhani ya Killen ya nkhosa ikali kuchulidwa patapita zaka zoposa 60. Ndiponso kuwerenga maina kokha sikusiyanitsa woyamikiridwa ndi wotsutsidwa, pakuti Beattie nayenso amachulidwa, ngakhale mlandu unamgomera.

Nkhaniyi si yaing'ono, cifukwa m'maiko ambiri akuru a masukulu amayang'ana ziwerengero zotere pogawa ndarama ndi pokweza anthu pa nchito. Akadalira muyeso wofulumira wokha, maphunziro ocedwa kubala amaoneka ngati opanda phindu, ndipo munthu wofatsa ngati Kober angathe kusowa malo.

MAU OTSIRIZA

Tsono alimi ndi mafumu, mukamva kuti akatswiri apeza cakuti, funsani mafunso atatu. Loyamba: kodi umboni wace waikidwa poyera, kapena uli m'bokosi monga timapale ta Evans? Laciwiri: kodi ena amene sanapangane naye auyesa, monga Blegen anayesera ndi miphika ija? Lacitatu: kodi otsutsa anapatsidwa mpata, ndipo anayankhidwa? Nkhani imene yapyola pa zipata zitatuzi mungathe kuidalira, kaya ndi ya mbiri yakale, kaya ndi ya mbeu yatsopano.

Ndipo musayese kuti bwalo lija latsekedwa. Pa Crete pomwepo pali kalembedwe kena kakale koposa, kochedwa Linear A, kamene cinenero cace sicinamasulidwe mpaka lero. Anthu ambiri anenapo kuti acimasulira, koma palibe amene mau ace apirira mafunso a anzace. Ophunzira akali kulemba, kutsutsana ndi kudikira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.